Mbali ya Achemwali Anga

Mpunga ukayamba kucha umanunkhira ngati khanda longosamba kumene. Ine ndikangomva fungo limenelo, losakanikirana ndi matope a m'dambo ndi madzi a thunthu la nthochi, mtima umanyamuka wokha, ulendo wa kuchigwa, kumunda wa amayi. Chinali chaka chija sukulu inakhala yaulere, aliyense atayamba kuvala chitenje cha chipani chake. Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi, miyendo ngati bango, kuseka ngati ndalipidwa. Kuseka ndimakondabe, zidzukulu zanga ndi mboni. Koma nyengo imene ija ndimaifotokoza pang'onopang'ono.

M'mphepete mwa munda wathu munali chisakasa cha a Juwawo. Anali munthu wa ku Mozambiki, anabwera ndi othawa nkhondo, ndipo anzawo atabwerera iwo anatsala. Mkono wawo wamanja unathera pachigongono, ife sitinkafunsa. Chilomwe chawo chinali chozama ngati cha makolo athu, Chichewa ndiye chinkayenda chotsimphina. Pansi pa chisakasacho anagoneka mathunthu awiri a nthochi, pamwamba pake n'kundandalika timatabwa topepuka, tating'ono kuno, tatikulu uko. Amenewo ndiwo mangolongondo. Mwiniwake sakanatha kuwaimba ndi dzanja limodzi, koma nyimbo zonse zinali m'kamwa mwawo.

Amayi ankafuna kuti aphunzire achemwali anga a Malita okha, poti ndiwo anali ndi khutu, ankatsogolera kwaya ya ana kutchalitchi. A Juwawo anakana. Anati iwo saphunzitsa mwana mmodzi, ngati amayi akufuna abweretse ana onse a mimba imodzi, chifukwa oterowo amapuma mofanana. Amayi anaseka, anati zili bwino, mbalame zizithawa phokosolo, ana azikhala malo amodzi. Ndiye tinapita atatu, a Malita patsogolo atasenza dengu la chinangwa cha aphunzitsi athu, achimwene anga a Dayitoni pakati, ine pambuyo ndikudumpha ngalande. A Dayitoni anapirira masabata awiri okha. Njinga ya amalume, yonyamula matumba kupita kwa ogula mbewu ku Migowi, inawaba mtima. Tinatsala awiri, ndipo a Juwawo anati awiri ndi okwana.

Mangolongondo amaimbidwa moyang'anizana. Wina uku, wina uko, matabwa ali pakati. A Malita anali oyamba, ine wolandira. Iwo akamenya, ine ndilowe mumpata umene asiya, ndituluke asanabwerenso. A Juwawo ankakhala kumbuyo kwanga, akununkha fodya ndi utsi, n'kumandiimbira m'khutu, ti-nde, ti-nde-nde, uku akundigogoda pamsana ndi dzanja lawo lamanzere. Akatha ine, ankazungulira kupita kwa a Malita. Masiku oyamba zinkamveka ngati mbale zagwa pathandala. Timitengo tathu toimbira tinkawombana, matabwa ankadumpha, ine n'kugubuduka ndi phwete mpaka misozi.

"Iwe Edina, usamvere manja ako," anatero tsiku lina. "Uzimvera pamene mkulu wako wakhala chete. Pamenepo ndiye pakhomo pako."

Ndiye m'mawa wina, mame asanaume, phiri la Michesi litavala mtambo ngati duku, zinagwirana. Ndinamva nyimbo ina ikutuluka pakati pathu, imene sindinkaimba ine, imene sankaimba a Malita. Inali yachitatu, ikuthamanga ngati madzi a mumfuleni, ikukwera, ikutsika, ikukweranso. Mpheta zinanyamuka mumpunga ngati utsi. Ndinasuzumira a Juwawo: anali atatsinzina, pakamwa pali yasa, kamkono kawo kakafupi kakugwedera kokha m'malaya ngati kakumenya nawo.

Kuyambira tsiku limenelo tinkaimba mpaka m'manja kutuluka matuza. Anthu opita kudambo ankatula makasu n'kuima. Koma akamachoka ankanena chinthu chimodzi, kuti mwana wa kwa amayi Nasiyani uja, Malita, ali ndi manja. Malita, Malita. Dzina langa silinkamveka. Ine ndinkaona ngati mbali yoyamba ndiyo nyimbo, yanga ndi nyenyeswa chabe. Ndinawapempha a Juwawo kuti andiphunzitse ya achemwali, iwo anati tikakolola mpunga tidzasinthana malo, osati tisanakolole. Ndinayamba kufinya ngala tsiku ndi tsiku kuti ndione ngati mkaka wauma.

Mpunga utayamba kuwerama, kunabwera nkhani. Bambo wina wa ntchito ya boma, amene ankakhala ku Migowi, anasamutsidwa kupita ku Kasungu, ndipo akazi awo ankafuna mtsikana wolera mwana. Analonjeza sukulu, analonjeza nsapato. Amalume anaona kuti ndi mwayi. Amayi sankafuna, koma potsutsana ndi mlongo wawo analibe chogwira china koma mpunga: mbalame zachuluka, Edina ndi wamng'ono, sangalondere yekha, adikire tikolole. Anthu aja sakanadikira.

Tikupita kumunda m'mawa mwake, a Malita anandigwira dzanja, chinthu chimene sankachita. Anandiuza kuti iwo sakufuna kupita, Kasungu sakumudziwa, ndipo amalume akandifunsa ndinene kuti sindingathe ndekha. Ndinavomera ndi mutu.

Masana amalume anakhala pampando pansi pa mtengo wa mango, amayi pamphasa akusenda nandolo, a Malita atatsamira khoma. Anandiitana, ndinagwada.

"Edina, mpunga uja ungaulondere wekha?"

M'maso mwanga munabwera malo aja, mbali ya kum'mawa, pamene udzu unaphwanyika ndi kukhala kwa achemwali. Ndinaona anthu atatula makasu akutchula dzina langa.

"Nditha, amalume."

Amayi anasiya kusenda. Palibe anandikalipira. Ndikanakonda akanandimenya.

Tinawaperekeza wapansi mpaka ku Migowi, katundu wawo ali m'kathumba kamodzi. Minibasi ili pafupi kudzaza, a Malita anatulutsa timitengo tawo tiwiri toimbira, tosalala ndi thukuta, n'kundiika m'manja. Sananene za pansi pa mango. Anangoti, "Umafulumira kulowa, iwe. Uzidikira pang'ono." Kenako fumbi.

Kutacha ndinathamanga kumunda n'kukhala pamalo pawo. A Juwawo anabwera kumbuyo kwanga n'kuyamba kundiimbira mbali yoyamba m'khutu. Siinali yovuta ayi. Ndinamenya, ndinasiya mpata, ndinamenyanso, ndinasiya mpata. M'mipatamo munalibe kanthu. Munkangomveka mphepo ndi mpheta zikudya mpunga wathu. Ndinafunsa kuti nanga alandire ndani. Iwo anakweza kamkono kawo kaja n'kukatsitsa.

Tsiku limenelo ndi limene anandiuza za mkulu wawo, a Antonyo, amene ankaimba nawo kwawo kuseri kwa phiri. A Antonyo anali oyamba, iwo wolandira ngati ine. Nkhondo inatenga mkonowo ndi a Antonyo tsiku limodzi. Chiwolokereni malire, nyimbo yathunthu anali asanaimvenso, mpaka m'mawa uja wa mtambo pa Michesi. Anayankhula osandiyang'ana, akuchotsa udzu pakati pa matabwa. Ine ndinadzuka, ndinazungulira, ndinakakhala mbali yanga yakale. Sindinapemphenso.

Mbalame zinadya mpunga wambiri chaka chimenecho, mawu anga okha sizinkawaopa. Titakolola wotsalawo, mathunthu a nthochi anali atawola. A Juwawo anamanga matabwa aja ndi luzi, ndipo chilimwe chisanathe anawoloka kubwerera kwawo. Kalata ya a Malita inabwera imodzi, anatiwerengera a Dayitoni. Inanena za kuzizira kwa kumeneko, za mwana wolira, ndipo kumapeto inafunsa ngati Edina waiphunzira mbali ija. Dzinja lachiwiri a Malita anabwera ali m'bokosi, pagalimoto ya anthu aja. Anati malungo.

Ndili mwana ndinkakhulupirira zinthu ziwiri: kuti a Juwawo anandimana mbali yabwino, ndi kuti achemwali anga ndinawachotsa pakhomo ndine, ndi liwu limodzi. Nditakula amayi anandiuza kuti amalume anali atavomera kale, funso lija linali longofewetsa nkhani. Ndinamva, ndinathokoza, koma liwulo ndinalinenabe, ndipo a Malita analimva. Za a Juwawo ndiye ndinazindikira mochedwa kuti anandipatsa mbali yawo yeniyeni, imene iwo ankaimba moyang'anizana ndi mkulu wawo.

Lero ndili ndi zidzukulu ziwiri, ndimavina pa ukwati uliwonse, ndikayamba nthungululu mudzi wonse umadziwa kuti ndi Edina. Koma ndikakhala pakhonde n'chidebe chopanda madzi, zala zimayamba zokha, ti-nde, ti-nde-nde. Dzana mdzukulu wanga wamkulu anaima n'kumvetsera, kenako anati nyimbo yanga ili ndi mabowo. Ndinaseka mpaka kugwira nthiti, ndinamuuza kuti wamva bwino, ali ndi khutu. Kenako ndinayambiranso, osafulumira, ndikudikira pang'ono monga anandiuzira, kuti achemwali ayambe ndiwo.