Nsanja ya nyali ku Musandam

Chaka changa chachiwiri ku Dubai ndinkayendetsa galimoto ya mkulu wina wa ku Al Twar. Paunyamata wawo bwanawo ankagwira ntchito m'zombo zamatabwa za ku Deira. Atayamba kudwala mtima anaumirira kuti akaonenso nsanja ya nyali yolondolera zombo kunsonga kwa Musandam, dera la mapiri amiyala lomwe linalowerera m'nyanja. Ana awo anakana, koma iwo sanamve.

Tinanyamuka m'mawa, kudutsa chipata cha m'malire a dziko la Oman, n'kulowa msewu wokhotakhota, kumanja thanthwe, kumanzere madzi. Ku Khasab tinachita hayala boti la msodzi wina. Ine kwathu ndi ku Dedza, kusambira sindikudziwa, koma ndinachita manyazi kunena.

Masana mphepo inatembenuka. Fumbi linaphimba mapiri onse, mafunde n'kuyamba kukhuthukira m'boti. Injini inatsokomola, kenaka zii. Msodzi uja anandiponyera chigubu chodula pakati.

"Yalla, yalla!" anakuwa, kundifulumizitsa.

Ndinakapa madzi mpaka manja kuchita dzanzi. Nditacheuka ndinaona bwana agwira pachifuwa, milomo itatuwa. Mankhwala awo ndinkasunga ndine m'thumba la malaya. Mbulu woyamba unandipulumuka n'kugwera m'madzi. Wachiwiri ndinachita kuwaika ndekha pansi pa lilime.

"Musandifere kuno, bwana," ndinatero m'Chichewa, osazindikira.

Apa m'pamene nsanja ija inatulukira m'fumbi, yoyera, itaima pamwamba pa phompho. Mtima wanga unakhala pansi, ndimvekere tafika. Koma bwana anandikoka mkono.

"Pansi pakepo ndi miyala yokhayokha. Muuze asatiyandikizeko."

Mphepo inkatikankhira komweko. Phokoso la mafunde pamiyala linkamveka ngati malole akutsitsa mchenga. Msodzi anagwada pa injini, kuyamwa paipi ya mafuta, kulavula, n'kukoka chingwe. Inakana. Anakokanso akutukwana m'chilankhulo chake, ndipo inalira. Tinakhota miyalayo tikuionera pafupi, nkhanu zikuthamanga pamwamba pake.

Kugombe tinafika titanyowa paliponse. Bwana anakana zopita kuchipatala, anangopempha tiyi wa mkaka. Pobwerera anagona tulo kumpando wakumbuyo, ine n'kumasuzumira pagalasi kuti ndione ngati akupuma. Tisanafike pachipata ndinaimika galimoto m'mbali mwa msewu, kutuluka, n'kusanza madzi amchere. Patapita nthawi ndinalowanso m'galimoto n'kuponda mafuta.