Chipewa cha Atate Chaka cha Chisankho

Fungo la pepala lakale limandibwezera ku Kabwata, mwezi wa Ogasiti wamphepo ndi fumbi, ndili ndi zaka zisanu ndi zinayi. Linali fungo la buku limene atate anagula pansi, pa wogulitsa mabuku m'mbali mwa msewu m'tauni. Linkanena za besibolo, masewera omenya kampira ndi chibonga, amene palibe aliyense m'mafulati mwathu anawaonapo. Atate ankaliwerenga ngati mawa kuli mayeso.

Atate anali kalaliki m'boma, munthu woonda wokonda zinthu zambiri kuposa nthawi imene anali nayo. Mpira ukakhala pa tivi, ankakhala kutsogolo, buku la besibolo lili pabondo, wailesi ikunong'ona za kampeni pakhutu. Wosewera akagwa, ankawerenga ndime imodzi. Pa nthawi yopumula ankatsegula kope lobiriwira n'kulemba maganizo awo pa filimu imene anaonera dzulo lake. Amayi ankati anakwatiwa ndi anthu anayi koma onse sadziwa kusintha babu. Ine ndinkawaona ngati munthu wanzeru kwambiri mu Lusaka, ndipo ntchito yanga yonyaditsa inali kuwakoka malaya mpira ukafika pafupi ndi golo.

Chaka chimenecho kunali chisankho. Malole ankadutsa ndi zimkuzamawu, mitengo yamagetsi inavala nkhope za anthu, ndipo zitenje za zipani zinkayanikidwa kuseri kwa nyumba, osati kutsogolo. Atate, pokhala munthu wa m'boma, sankatchula amene adzamuvotere, ngakhale ndale ankazitsatira mpaka kuiwala tiyi.

Tsiku lina anabwera akuvina pakhomo. Mkonzi wa nyuzipepala ina anali atavomera kuona zimene ankalemba za mafilimu. Anawauza kuti nkhaniyo ifike Lachisanu isanakwane 2 koloko, ikachedwa malowo apatsa wina. Atate anali atalemba m'makope zaka khumi popanda wowerenga, kupatula ine amene sindinkamva theka lake. Sabata yonse analemba ndi kufufuta, kudzudzula wopanga filimu wina chifukwa choika nyimbo yachisoni munthu asanafe n'komwe.

Lachisanu magetsi anathima m'mawa, ndipo kashopu ka intaneti kanali kotseka. Atate anakopera nkhaniyo ndi dzanja, n'kuiika mu envelopu. Sukulu inali yotsekera, choncho ananditenga. Pulani inali yoti tikasiye envelopu, tibwerere msanga, chifukwa 4 koloko timu ya dziko lathu inkasewera. Potuluka anavala chipewa chawo chatsopano cha mlomo kutsogolo, chimene anachipeza pa salaula, pamulu wa zovala zakunja. Chinali ndendende ndi cha osewera a m'buku lija, ndipo anasangalala nacho ngati mwana. Mtundu wake sindiutchula, chifukwa mpaka lero ndine mwana wa munthu wa m'boma. Ndingonena kuti unali mtundu wa chipani china, ndipo amayi anali kumsika, panalibe wowachenjeza.

Mu minibasi anthu ankatiyang'ana, ine n'kumaganiza kuti akusirira. Titatsika pa siteshoni m'tauni, pakati pa utsi wa chinangwa chowotcha ndi makondakitala oitanira a ku Chelstone, anyamata asanu anatitchingira njira. Anali makada, anyamata a chipani amene ankalamulira siteshoniyo, ndipo malaya awo anali a mtundu wina.

Wamtali mwa iwo analoza chipewa cha atate n'kunena kuti, "Shani, mudala? Ichi chisote ni cha bandani? Mwabwela kutidelela pano?"

Atate anandigwira pamkono. Dzanja linalo analipisa m'jekete n'kutulutsa buku lija, pakuti silinkatsala kunyumba. Anatsegula pa chithunzi.

"Iyayi, ba bosi, si vandale ivi. Onani, ni masobela ya kunja. Uyu aponya, uyu amenya, uyu athamanga."

Anyamatawo anaunjikana pabukupo. Wina anafunsa chifukwa chake azungu amasewera ndi musi wosinjira, ndipo anzake anaseka. Atate anayamba kufotokoza malamulo onse, mokweza, mofulumira, akuonetsa ndi chigongono mmene amamenyera. Ine mtima unkagunda ndi chimwemwe. Atate anga ankaphunzitsa anthu pakati pa siteshoni, ndipo ngakhale mayi wogulitsa mtedza anasiya kuyeza n'kumamvetsera. Wotchi ya pashopu ina inkati kwatsala mphindi makumi awiri kuti 2 koloko ikwane.

Wamtali uja sanaseke. Anayang'ana envelopu imene inkasuzumira m'thumba la jekete, n'kufunsa ngati munali mapepala a chipani. Pamenepo atate anavula chipewa, n'kumupatsa ndi manja awiri, akumwetulira.

"Tengani, mwana wanga. Chenze kunithina kale. Manje lelo tiwina zingati?"

"Tu," anayankha mnyamatayo, akupinda chipewacho n'kuchiika m'thumba. Njira inatseguka.

Tinathamanga. Sindinkadziwa kuti atate amatha kuthamanga. Tinadumpha ngalande, tinalambalala azimayi a tomato, tinawoloka msewu waukulu pakati pa mahutala, ine ndikuseka mpaka kutsamwa. Pa ofesi ya nyuzipepala tinakwera masitepe awiriawiri, ndipo mayi wa pa desiki analandira envelopu kutatsala mphindi zitatu. Pobwerera atate anasankha kuyenda wapansi mpaka Kabwata, ati kuti tione tauni. Tinapeza magetsi atayaka, mpira utangoyamba. Tinawina zigoli ziwiri, mafulati onse anagwedezeka, ndipo ndinauza amayi kuti mnyamata wa pa siteshoni ndi mneneri. Amayi anangoyang'ana mutu wa atate wopanda chipewa.

Lamlungu nkhani inatuluka. Anaidula pakati kuti pakwane chithunzi chachikulu cha munthu wopempha mavoti, koma dzina la atate linali pamwamba, zilembo zakuda bii. Anagula manyuzipepala atatu. Ndinaiwerenga mokweza kwa aliyense wobwera kunyumba, ngakhale kwa wowerenga mita ya madzi.

Kwa zaka zambiri ndinkafotokoza tsikulo ngati tsiku limene atate anagonjetsa makada ndi buku, ndipo ndinkakhulupiriradi kuti chipewa chinkawathina. Chimene ndinkachidumpha pofotokoza n'chakuti madzulo ake, posamba, ndinapeza timabala tinayi ta zikhadabo pamkono wanga, pamene anandigwira. Ndinaganiza kuti ndinakandika pothamanga. Lero ndili ndi mwana wamkazi wa msinkhu umenewo, ndipo ndikudziwa chimene chimapangitsa munthu kulankhula mofulumira chonchija, akumwetulira, dzanja lili pa mwana wake. Buku lija ndili nalo, ndipo tsamba la chithunzi lili ndi chidindo cha chala cha thukuta.