Bulangete la Yohane

Ine Nachisale wa ku Ntcheu ndinakwera ndege mutu uli mbuu ndi imvi, ee, ndinakwera. Esnati mwana wanga, namwino pa chipatala cha ku Murdoch, kutsidya kwa nyanja, anaimba foni akulira: "Amayi, bwerani mudzandigwirire nyumba. Mwana wanga Madalitso amugwira ndi mankhwala ozunguza bongo." Munda ndinasiyira alamu. Pansi pa sutikesi ndinayala bulangete la Yohane.

Yohane anali chisamba changa. Anamugwira ndi chamba kalekale. Kwathu munthu akamapita kukhoti timamumangira bulangete ndi sopo, poti sabwerako tsiku lomwelo. Ndinamumangira. Patapita zaka ziwiri bulangete linabwera m'jumbo, mwini wake m'bokosi. Ndachapa, ndachapa, fungo lake silichoka.

Ku Armadale, kumene amakhala Esnati, kuli zii. Dzuwa lili pamutu nyumba zonse zotseka, msewu wopanda nkhuku, wopanda mwana, akhwangwala okha kubuula ngati munthu wodwala. Ndinkatumiza mawu pa foni kwa anzanga a Mvano kuti ndimveko munthu. Madalitso ndinamupeza ataonda, masaya atalowa, akungodzikanda. Akatembenuka pakhomo ndinkaona Yohane, khosi lomwelo, kayendedwe komweko. Tsiku lina lilime linaterereka, ndinamuitana dzina la malume akewo. Mwana woyankhula Chingerezi chokhachokha anati, "Wawa, amayi." Mawu amenewo palibe anamuphunzitsa.

Khoti lake lili m'tauni, tinkapita pa sitima. Ndi la anthu a mankhwala okhaokha. Sathamangira kumanga ayi. Amati pita kwa alangizi, uzikodza m'kabotolo tiziyeza, ubwerenso udzatiuze. Ukapitiriza kugwa, ndende ilipo. Woweruza, mayi wa magalasi, ankafunsa mwana ngati akugona bwino, ngati akudya. Mkodzo ukayera anthu n'kuwomba m'manja. Ine tsitsi nyaunyau. Khoti lowomba m'manja, abale? Ndinkakumbatira chikwama cha bulangete, ulendo ndi ulendo ndili nacho.

Mwezi wachinayi Madalitso anagwanso. Anadza kukhitchini.

"Gogo, ine kuthawa."

"Uthawira kuti, mwana wa mwana wanga? Vala nsapato."

Esnati anagwira chikwama. "Amayi, chinthuchi chisiyeni. Mukumuitanira tsoka."

"Khala chete iwe. Sunamangirepo mwana."

Kukhoti Madalitso anaulula yekha, pepala la mkodzo asanaliwerenge. Ndinayamba kumasula chikwama, manja akukumbukira okha ntchito yawo. Woweruza anandiloza, n'kufunsa kuti agogowa amanyamula chiyani masiku onse. Mwana anafotokoza, za malume ake ndi zonse. Kenako mayi uja analankhula, Esnati akundimasulira kukhutu: wanena zoona, wachita bwino, koma aziyezedwa pafupipafupi. "Akuti lero mubwerera ndi mdzukulu wanu. Bulangetelo mufunde nokha, kunja kukuzizira."

Anamaliza, anthu inu, Madalitso anamaliza zonse za khotilo, masaya anabwerera, masaya anabwerera. Tsiku lomaliza iwo m'manja, ine nthungululu, mlonda mpaka anadzidzimuka. Popita kusitima ndinayesa dala, chapansipansi: "Yohane." Sanacheuke.

Ndabwerera kwathu, nkhuku zikulira, mtima uli m'malo. Ndinawasimbira a Mvano za khoti lofunsa ngati wadya. Anaseka mpaka misozi, ati Nachisale ndege yamuzunguza mutu. Sabata isanathe anadza a Nambewe, a nyumba yoyandikana nane, maso ali psuu.

"Mwana wanga uja amugwira ndi chamba, mawa kukhoti. Ndibwerekeni bulangete, paja lanu lija likudziwa njira."

Ndinawapatsa latsopano, limene Esnati anandigulira. M'mawa ndinawaperekeza, tinakhala pabenchi. Palibe anafunsa mwanayo ngati wagona bwino. Tinabwerako awiri.

La Yohane ndinakaliyala pa manda ake, miyala inayi m'makona. Layenda mokwanira, lipume.