Tsiku Limene Amuna Anga Anagwa mu Mpapaya

Ine chilakolako cha mwamuna ndilibe. Cha mkazinso ndilibe, musayambe kunditong'olera maso. Palibe anandichita chipongwe, palibe anandilodza, ndipo sindinalumbire kwa Mulungu ngati asisitere. Ndinangobadwa choncho, monga ena amabadwa osakonda therere. Anzanga kusekondale akamakomoka ndi anyamata a mpira, ine ndinkangoona miyendo yotuwa yofunika mafuta.

Ndili mtsikana ku Chirimba, zimenezi zinali ndi ntchito yake. Kwathu ndi anthu opemphera, Lamulungu lililonse ali kutchalitchi, koma nkhani ya tsempho saseweretsa. Amati munthu amene wakhala malo amodzi ndi mnzake ndi wotentha, ndipo akanyamula khanda la masiku ochepa, mwanayo amatupa masaya ndi mapazi. Ukawafunsa vesi yake amati uli ndi mwano. Ndiye poti aliyense ankadziwa kuti anyamata ndimawaona ngati mapolo a magetsi, ine ndinali wozizira wa mzere wonse. Mwana akabadwa, "Kamuitaneni uja." Ndiwo zikafuna mchere mwini mphika akudzikayikira, "Kamuitaneni uja." Azakhali anga, alongo awo a bambo, ankandiloza pamaso pa atsikana ena: "Taonani mnzanu wodzisunga!" Ine n'kumangoti zikomo. Ndikanatani, anthu akundiyamikira posala chinthu chimene sindichifuna n'komwe?

Amuna anga tinadziwana ku Limbe. Ine ndinkagulitsa nsalu mushopu ya holoselo, iwo anali kalaliki pakampani ina yonyamula katundu kufupi ndi siteshoni ya sitima. Ankabwera kudzabisala mvula pakhonde pathu, kenako anayamba kubwera ngakhale kunja kuli ng'amba. Ndinawakonda, ndipo mpaka lero ndikamva kutsokomola kwawo pageti mtima wanga umakhala m'malo. Atandifunsira ndinawauza zoona pachiwaya cha tchipisi, dzuwa likuswa mtengo.

"Achimwene, ine zakuchipinda sindizifuna. Si manyazi, si kudikira ukwati. Sindizifuna basi."

Anaseka. "Zimenezo tikaziona kutsogolo."

Mwamuna aliyense amadziyesa mankhwala.

Tsiku la chilangizo amayi anayi anagubuduzika pamphasa kundionetsa kadulidwe ka chiuno, wina mpaka chitenje chinamasuka. Anandipatsa mikanda yokwana kutsegulira okala. Ine maganizo anali pa keke, ngati wophika uja wakumbukira kuti ndinati asachulutse shuga.

Chaka choyamba tinayesa, ndipo sindinena zambiri. Thupi langa linkangouma gwa ngati thabwa, mseru n'kubwera, m'mawa osatha kuwayang'ana kumaso. Kuchipatala anandiyeza n'kunena kuti zonse zili bwinobwino. Tsiku lina amuna anga anati, "Basi, mayi, tisiye. Sindingamasangalale mnzanga akulira." Ndinawauza kuti andisiye akapeze wina. Anakwiya masiku atatu osandilankhula, lachinayi anabwera ndi chimanga chootcha m'nyuzipepala n'kundigawira theka.

Sindinganame kuti kwa iwo zinali zophweka. Masiku ena ankangotenga khasu kukapalira kamunda kathu kuseri kwa nyumba ku Chigumula, pamene udzu anaupalira kale dzulo lake. Tinagwirizana chinthu chimodzi: za m'nyumba mwathu zisatuluke pakhomo. Mu Blantyre muno mwamuna atha kukhala mbava, chidakwa, womenya mkazi, anthu azimupatsabe moni wa manja awiri. Koma zikangomveka kuti kuchipinda sagwira ntchito, watha ameneyo. Achibale ankaganiza kuti ndife osabereka, ankatipempherera. Mapempherowo tinkangolandira, sapweteka.

Titatha zaka zisanu ndi chimodzi m'banja, mng'ono wanga anabereka mwa opaleshoni. Mwini mimba anali atathawira ku Joni kalekale, mayi athu anali atamwalira. Bala linavuta, mwana wa mayi anga anatuluka m'chipatala akuyenda chowerama, osatha kunyamula ngakhale ketulo. Azakhali anasamukira kwa iye ku Chirimba kukalamulira, koma manja awo anali atayamba kunjenjemera, ntchito yomwe ankaitha inali ya pakamwa.

Loweruka m'mawa tinapita ndi amuna anga, titapangana kuti timutenge mng'ono wangayo ndi khanda lake akakhale kwathu mpaka achire. Pabalaza tinapeza amayi atatu akutchalitchi odzaona mwana, amtundu uja woti akamva nkhani m'mawa, masana yafika ku Bangwe. Mwana ankalira, thewera litanyowa, mayi wake nayenso misozi ili mbwee. Nditatambasula manja kuti ndimunyamule, azakhali anandimenya padzanja, phwa!

"Iwe! Wadzuka kwa mwamuna wako m'mawa uno, ukufuna kutiphera mwana?"

"Azakhali, si ine ndinkanyamula makanda a mzere wonse uno?"

"Kale limenelo unali wozizira. Pano ndiwe mayi wapabanja."

"Ndiye tidika. Tikhala osayandikana mpaka mwana akhwime."

Azakhali anaseka mpaka kutsamwa, amayi aja n'kuwathandiza. "Kudika? Mwamuna wathanzi ngati uyu? Amalonjeza masana amenewa, mwanawe. Masiku atatu sakwana. Mwana uyu sapita kunyumba ya moto."

Mng'ono wanga anandigwira chitenje. "Achemwali, musandisiye kuno. Ndatopa ine."

Mawu anali pakamwa penipeni. Ndikanangoti, "Azakhali, ine ndikadali wozizira, sindifuna ndine." Koma ndinayang'ana amayi atatu aja n'kuona zonse zimene zikanatsatira: akanati ndili ndi mwamuna wauzimu, akanandikwezera kuphiri kukandikuwira m'makutu, akanaitana ankhoswe kuti amasule amuna anga, mwana wa eni ake, ku ukapolo. Ndinachita mantha. Ine wakamwa ngati lumo, amene ndimakangana ndi makondakitala mpaka pasiteji, tsiku limenelo ndinatseka pakamwa.

Amuna anga anali pampando wa pafupi ndi chitseko, chipewa chili pabondo. Anatsokomola.

"Azakhali, apatseni mwanayo. Kwathu kulibe moto. Ine ndinagwa mu mpapaya kalekale. Zaka zisanu tsopano timagona ngati munthu ndi mlongo wake."

Mmodzi wa amayi aja anatsala ndi sikono pakati pa mbale ndi pakamwa. Azakhali anagwira kumutu. "Kalanga ine! Ndiye mwana wa achimwene wakhala akuvutika chonchi osanena?" Anamunyamula mwana uja ndi manja awo onjenjemerawo n'kundiika pamiyendo. Kamwanako sikanachedwe, kanandikodzera pompo.

Masana omwewo tinakwera minibasi tonse anayi. Madzulo ndikuchapa matewera kuseri, amuna anga akunditungira madzi, ndinawafunsa.

"Mwanamiranji?"

"Bodza lake liti? Motowo ulipo?"

"Koma vuto si inu."

"Ine andiseka, atopa. Inu akanakudyani wamoyo."

Pamenepo anaphonya, chifukwa anthu sanatope. Pofika Lolemba nkhani inali itatsika kale ku Limbe. Anzawo kuntchito anayamba kuwaikira gondolosi m'dirowa. Wogulitsa mankhwala azitsamba padepoti ankawakuwira pagulu, "Bwana, tabwerani, yankho lanu lili pano!" Pazinkhoswe anasiya kuwapatsa mawu, ati angalangize chiyani munthu wotere. Pamene ine, taonani zodabwitsa, kutchalitchi anandisandutsa chitsanzo cha mkazi wopirira, kachiwiri kulandira ulemu wa ntchito imene sindinagwire. Azakhali mpaka anandikokera pambali n'kundinong'oneza kuti ku Machinjiri kuli msuweni wina wosunga chinsinsi, atha kumabwera mwakachetechete kudzathandiza. Ndinawauza kuti fisi wawoyo akangoponda pakhomo panga ndimuthira madzi otentha.

Mng'ono wanga anachira. Mwana uja sanatupe paliponse kupatula mimba, chifukwa amadya ngati walipidwa. Pano ali sitandade 2, ndipo amuna anga ndi amene amamuperekeza kusukulu.

Chaka chatha paukwati wina, mnyamata wa pamaikolofoni poitanira perekaniperekani anati, "Tsopano abwere amuna enieni okhaokha," anthu n'kutembenukira kwa amuna anga, kuseka. Iwonso anaseka nawo. Koma ine ndinaona mmene anapindira chipewa chija m'manja mpaka kuchiwononga. Zinandiwawa koopsa, ndipo ndinadzida.

M'mawa mwake ndinakwera minibasi ya ku Chirimba ndekha. Ndinapeza azakhali akuwothera dzuwa pakhonde, ndinakhala pansi n'kuwauza zonse: za pachiwaya, za mseru, za khasu. Ndinati amuna anga ndi abwinobwino ngati mwamuna wina aliyense, wosafuna ndine, chibadwire. Ndinawapempha kuti akauze amayi aja, aifalitse nkhaniyi monga anafalitsira yoyamba ija.

Azakhali anamvetsera mpaka kumapeto. Kenako anandisisita kumsana, maso ali ndi misozi.

"Mkazi wabwino iwe," anatero. "Mpaka kudzinamizira kuti umubisire manyazi mwamuna wako. Usadandaule, mwanawe, zimenezi sindiuza munthu."

Ndinalumbira, ndinakalipa, ndinatchula ndi manda a mayi anga omwe. Iwo ankangogwedeza mutu, kundimvera chisoni. Nditafika kunyumba ndinapeza amuna anga ali kuseri ndi khasu. Ndinatenga langa n'kukaima pamzere wa pambali pawo, tinapalira limodzi munda wopanda udzu mpaka dzuwa kupendeka.