Sitovu ya Ada Yochokera ku Joni

Mpongozi wanga akangoyatsa uvuni, swichi yaikulu imagwa, nyumba yonse magetsi n'kuthima. Dzulo wamagetsi atatsegula kumbuyo kwa sitovu yathu, kafungo ka waya wopserera kanandikumbutsa sitovu ya bambo anga, amene tinkawaitana kuti Ada.

Ama anali atapempha malata, poti denga linkadontha. Ada, pochokera ku Joni, anatsika m'sitima padoko ndi sitovu yamagetsi yoyera mbee, amtengatenga atayisenza ngati bokosi la maliro. Kavuto kanali kakang'ono chabe: kwathu kunalibe magetsi.

"Akubwera posachedwa," anatero Ada.

Ine ndinkayesa magetsiwo abwera m'bokosi ngati katundu wina aliyense. Sitima ikangolira, ndinkathamangira kudoko kukafunsa ngati atsitsidwa.

Tsiku lina Ada anabweretsa alendo kudzaona sitovuyo. Atatsegula uvuni, anapeza nkhuku ikufungatira mazira.

"Ilekeni, amuna anga," anatero Ama akusuntha beseni pomwe pankadontha. "Chibwerereni sitovu yanuyi, amene waitenthetsako ndi nkhukuyi."

Wamagetsi uja anapeza waya wosupuka ukukhudza chitsulo, n'kudandaula kuti masitovu amakono sakhalitsa. Ndinamuvomereza ndi mtima wonse. Ya Ada, zaka zonse zija, sinathimitsepo magetsi ngakhale kamodzi.