Tsiku limene tinaika adokotala a m'mashaki

Ndinadzuka kusanache, mvula ikumenya malata. Sikunali kugona kwenikweni. Ndinangotsamira khoma la shaki, kanyumba ka malata ka achimwene ku Hout Bay, pakati pa amuna amene anachezera nafe, ndipo maso anatsekeka okha amayi a kumpingo atatopa ndi nyimbo. Unali mwezi wa Julaye, nyengo imene ku Cape Town kumazizira mpaka m'mafupa. Panja, pansi pa tenti, amayi anali atasonkha kale moto m'migolo yodula pakati, ena akuduladula kabichi, ena akutsuka mpunga. Mmodzi sankachoka pa ndowa ya madzi, chifukwa kumalo kwathu kuja moto ukangothawa umamaliza nyumba za anthu onse.

Womwalirayo anali mkulu wanga, bere limodzi. Kwathu ku Ntcheu anali kiliniko ofisa pachipatala chaching'ono cha kumudzi. Ankayeza odwala, kulemba mankhwala, kusoka mabala, ndipo azamba akathedwa nzeru ankaitana iwo. Kuno mapepala awo sanawalole kugwira ntchito ya chipatala, choncho ankasamala maluwa panyumba ya azungu ena kutsidya kwa msewu. Koma m'mashaki aliyense ankawatchula kuti adokotala. Iwo ankakana. Ankati, "Dokotala ndi uja wa kuchipatala chachikulu. Ine ndimangoletsa magazi kuti mukafike kwa iye muli moyo."

Lachisanu lina madzulo kunabwera bambo wina wa ku Nsanje, wotsitsa nsomba kudoko, akuthamanga. Mkazi wake anachira pakhomo masiku asanakwane, ndipo magazi sankaleka. A ambulansi anati sangakwere kumtunda kwathu popanda apolisi. Achimwene ananyamula chikwama chawo n'kupita. Anamuthandiza mayiyo, anamupezera galimoto, iye ndi khanda lake n'kupita kuchipatala. Pobwerera, bambo uja anawaperekeza pang'ono n'kutembenuka. Sanapite patali pamene anamva kukuwa. Atsotsi anali atawabaya achimwene m'mimba ndi pansi pa nthiti, n'kuthawa ndi foni. Bamboyo ndi amene anawabereka mpaka kumsewu. Ine ndinamupeza kuchipatala atakhala pa benchi, malaya ali magazi okhaokha. Dokotala wa opaleshoni anatuluka ku fiyeta n'kutiuza kuti mpeni unafika pachiwindi. Anawaika magazi, koma mtima unaima ali patebulo pomwepo.

Thupi linakhalitsa ku mochale kudikira dokotala wa boma woyeza mitembo. Alamu anga, amene anabadwira ku Harare kwa makolo ochokera ku Malawi, anapempha kuti amuna awo agone kuno, pafupi ndi ana, ndipo abale kumudzi anavomera movutikira. M'masiku odikirawo munabadwa mphekesera yoti bambo wa ku Nsanje anatumidwa ndi atsotsi kuti akawatulutse achimwene m'nyumba. Ndikaimva ndinkaikana. Ndinkafotokoza zimene ndinaona, anthu n'kugwedeza mitu, ine n'kuganiza kuti zamveka.

Kutacha anthu anayamba kufika. Alonda a ku Sea Point anabwera ndi yunifolomu zawo, atangoweruka kuntchito. Amayi ogwira ntchito m'nyumba za ku Claremont anatsika m'matakisi ndi maambulera. Kunabwera a ku Zimbabwe a kwawo kwa alamu, kunabweranso Axhosa oyandikana nawo nyumba. Ambiri sindinkawadziwa. Mwamuna wina anandigwira dzanja n'kuliika pamutu pake kuti ndimve chipsera cha bala limene achimwene anasoka. Mayi wina anandionetsa mwana amene anapsa ndi madzi otentha, khungu litabwerera bwinobwino.

Galimoto ya maliro inaima kumunsi chifukwa tinjira tathu n'tating'ono. Tinanyamula bokosi m'manja, tikuterereka m'matope. Poona nkhope, ndinazindikira ulusi wakuda utasuzumira pakolala ya malaya, pamene woyeza mtembo anasokapo. Ndinakweza kolalayo ana asanafike.

Abusa atangoyamba kulalikira, kumbuyo kwa tenti kunamveka phokoso. Ndinatembenuka. Bambo wa ku Nsanje anali ataima chapatali, chipewa chili m'manja, mvula ikumuthira. Wina anakuwa kuti, "Ndi ameneyu!" Bamboyo sanathawe. Ndikuganiza kuti sanadziwe kuti akunena iye.

Woyamba anamumenya ndi ambulera. Wachiwiri anazula thabwa pampanda. Kenako sindinathenso kuwerenga. Anamugwetsera m'ngalande ya madzi oipa n'kuyamba kumuponda ndi nsapato zolimba za kuntchito. Mayi wina anatenga chikuni chamoto mumgolo. Ena amene ankamenya anali omwe aja anandionetsa zipsera zawo m'mawa. Ndinadumpha mipando ndikukuwa kuti munthuyu ndi amene anawanyamula achimwene, koma mawu anga anamira m'phokoso. Ndinadzigwetsa pamwamba pake. Thabwa linandipeza paphewa, nsapato inandipeza pakamwa, ndipo ndinamva dzino likusweka. Pansi panga bamboyo sankakuwanso. Ankangopuma ngati munthu wokoka madzi ndi mphuno. Njerwa inatsika pafupi ndi khutu langa n'kumupeza pankhope.

Chimene chinawaimitsa si ine. Alamu anatuluka pasiwa opanda nsapato, mpango utagwa, n'kuima pakati pathu. Sanakuwe. Anati, "Amuna anga ali m'bokosi umo. Mukufuna ndiike awiri lero?" Anthu anabwerera m'mbuyo mmodzimmodzi. Thabwa linagwera m'matope.

Mwa olira munali mayi wina amene kwathu anali namwino, ndipo kuno amasamala okalamba ku Claremont. Anagwada m'ngalandemo ndi zovala zake zoyera za kumpingo. Anamutembenuzira chammbali kuti asatsamwe ndi magazi, anamugwira pakhosi kumvetsera mtima, n'kuitanitsa chikwama cha achimwene. Munali magolovesi, thonje ndi mabandeji ochepa. Anandiuza kuti ndigwire mutu osaugwedeza. Diso lakumanzere linali litatupa kwambiri, magazi akutuluka pansi pa chikope ndi m'khutu. Nditamufunsa ngati angasoke, anapukusa mutu.

"Izi si za masitichi, achimwene. Chigaza chasweka. Akufunika ekisire ndi dokotala wa mutu, ndipo akufunika lero."

Tinaimbira ambulansi, yankho linali lomwe lija: adikira apolisi kaye. Kumunsi kunali matakisi amene tinabwereka kuti atenge anthu kupita kumanda. Mkulu wina wa mpingo anati mwambo wachedwa kale, ndipo kumanda satidikira. Alamu anamuyang'ana n'kunena kuti takisi yoyamba itenge wamoyo, omwe asowe malo atsale. Tinamugoneka pachitseko chimene tinachotsa pashaki ya achimwene. Amene ananyamula nane anali Axhosa awiri ndi m'bale wa alamu. Tinadutsa pakati pa anthu, ndipo palibe anatiyang'ana kumaso. Namwino uja anakwera naye, zovala zili zofiira mpaka m'maondo.

Abusa sanabwererenso ku ulaliki wawo. Anapemphera mwachidule, tinanyamula bokosi. Ulendo wa kumanda unali wautali, kudutsa phiri n'kutsikira kuchigwa cha mchenga. M'takisi imene ndinakwera amayi anayambitsa nyimbo, koma inafera m'njira. Ine ndinali nditaluma mpango, magazi akudzaza m'kamwa. Moyang'anizana nane munakhala mnyamata wa ku Sea Point amene ndinamuona atagwira njerwa. Ankangopukuta manja pathalauza.

Manda a kuno sakumbidwa ndi adzukulu ngati kwathu. Tinapeza dzenje lokumba kale ndi makina, pansi pake pali madzi. Mphepo inkakankha maambulera n'kuwatembenuza. Tinatsitsa bokosi ndi zingwe, ndipo litafika pansi linayandama pang'ono lisanakhazikike. Alamu apo ndi pamene analira, kulira kwa Chishona kumene sindinawamvepo chikwatiwire. Ana anaponya mchenga. Amuna analandirana mafosholo, ndipo amene anamenya kwambiri ndi amene anakwirira mwamphamvu, osafuna kupatsa anzawo. Ine phewa linakana kukweza fosholo. Ndinaponya ndi dzanja lamanzere.

Titabwerera, anthu anasamba m'manja pakhomo n'kulandira mbale zawo. Ambiri anadya ataimirira n'kumapita msanga. Apolisi anafika chakumadzulo, anafunsa mafunso, ndipo aliyense anati anali m'tenti kumvetsera abusa. Ine ndinanena zimene ndinaona. Namwino anaimba foni dzuwa litapendeka. Anati bamboyo watuluka ku fiyeta ndipo ali mu wodi ya odwala kwambiri. Dokotala wa mutu anachotsa magazi amene anaundana mkati, akuti mwina akhala moyo. Diso lokha dokotala wa maso walephera kulipulumutsa.

Madzulo tinabwezera chitseko pamalo pake. Tenti inali itapasulidwa, migolo itazima, mipando itabwezedwa kutchalitchi. M'nyumba munatsala alamu, ana ndi ine. Kenako tinamva kugogoda kofooka. Anali mayi wamng'ono thupi, atafunda bulangeti, khanda lili pachifuwa. Anati anamutulutsa kuchipatala masana omwewo, wapeza kunyumba kulibe munthu, ndipo anansi amuuza kuti amuna ake anabwera kuno kudzalira adokotala.

Alamu anaimirira, anamulandira mwanayo m'manja, n'kumulozera mayiyo mpando wa achimwene.

"Khalani pansi kaye, amayi. Ali moyo. Zinazo ndikuuzani mukamwa tiyi."

Ndinaika ketulo pasitovu. Mvula inali italeka. M'nyumba monse munkangomveka kupuma kwa khandalo ndi madzi akuyamba kutentha.