Nthungululu ya amayi m'gemu ya juga

Limbani mlongo wanga, dzulo m'minibasi yochokera ku Kasina ndinamva nthungululu ya amayi. Imatuluka m'foni ya bambo wina amene amasewera juga, ndipo imalira iye akangowina. Ndi ija unajambula pa ukwati wanga. Ndinangotsikira panjira.

Ndakumbukira tsiku lija tili pakhonde, ukuika zithunzi ndi mawu amene unajambula, kuphatikizapo nthungululuyo, pa intaneti kuti opanga magemu azitenga mwaulere. Ndinakufotokozera kuti malaisensi, zilolezo zogwiritsira ntchito zinthu zotere, amasiyana: ena amalamula kuti azikutchula dzina, ena amaletsa kuchitira malonda, ena amangosiya chitseko pululu. Iwe unasankha ya pululuyo, nkuseka umvekere, "Achemwali, nthungululu saikira loko." Unkaganiza za ana asukulu ophunzira kupanga magemu, osati anthu opanda manyazi awa. Laisensi ija sibwezeka, ndiye amayi azingolulutira juga, iwe uli m'manda. Koma m'kompyuta yako mwatsala nyimbo za amayi zopalira mbatata. Zimenezo ndiika ndekha, dzina lako pamwamba, malonda ayi. Undikhululukire, mlongo wanga, loko ndiika.